Funsani bwalo musanagule mpira

Miyezi iwiri chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025 chisanafike, timu ya anyamata imene ndimaphunzitsa kuno kufupi ndi Ulongwe inalandira mipira itatu pa bonanza. Wopereka anali mkulu wina amene ankafuna mavoti athu. Dzina lake ndilisunga, chifukwa si iye yekha amene amachita zimenezi, komanso sanachite ndi mtima woipa. Mipirayo inali yokongola: yoyera mbee, ya mizere yagolide, yonyezimira ngati mbale zatsopano. Amayi analuluta, ojambula anajambula, ine ndinalandira ndi manja awiri monga mwa ulemu wathu. Koma nditangodina pamsoko ndi chala, mtima unandiuza kuti mipirayi siona mwezi ukutha. Woyamba unang'ambika pamsoko tsiku lachinayi. Wachiwiri unabooledwa ndi ncheso kuseri kwa golo. Wachitatu unalimbako masabata awiri, kenako khungu lake linayamba kusendeka ngati mbatata yophika, n'kutupa mbali imodzi mpaka kuoneka ngati dzira. Pofika tsiku loponya voti, anyamata anga anali atabwerera ku chikulunga.

Ndatopa kuona ndalama zikuphwa pamodzi ndi mpweya wa m'mipira m'masukulu ndi m'matimu a m'midzi ya ku Balaka ndi ku Machinga, pamene gwero la vutoli ndi laling'ono. Ogula safunsa kumene mpirawo ukaseweredwe. Amaona mtundu, amaona dzina la kampani lolembedwa pakhungu, ena amangoona mtengo. Bwalo salifunsa. Ine phunziro limeneli ndinalipeza ku Joni, pa masewera amene ambiri a inu mwangowaona m'mafilimu, otchedwa bowling.

Kwathu ndi kufupi ndi Ntaja, kuno ku Ulongwe ndine mkamwini. Mu 2011 ndinakwera basi monga amachitira anyamata ambiri a kwathu, kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. A mjomba anga, amene anali atakhalitsa kumeneko, anandipezera ntchito panyumba ina ya bowling mu Johannesburg, ndipo ndinagwirapo zaka 6. Poyamba ndinkapereka ndi kupukuta nsapato, popeza masewerawa ali ndi nsapato zakezake. Kenako atandikhulupirira anandipatsa makina othira mafuta, oti ndiziyendetsa m'mamawa anthu asanafike.

Amene munasewerako nsikwa muli ana simuvutika kumva. Pa nsikwa timaimika zitsononkho, wina n'kupota nsikwa yake kuti ikagwetse za mnzake. Mwana aliyense ankadziwa kuti nsikwa imene imavina bwino pabwalo lolimba, losesedwa, imangofa ikafika pamchenga. Bowling ndi nsikwa ya anthu a ndalama. M'malo mwa zitsononkho amaimika timitengo 10 tooneka ngati mabotolo, ndipo amagudubuza chimpira cholimba gwa, cha mabowo olowetsamo zala, chimene malamulo salola kuti chilemere kuposa makilogalamu 7.26. Kanjira kake n'kosalala, ka matabwa kapena zinthu zofanizira matabwa, kotalika mamita 18 kuchokera pamzere woponyera kukafika pa kamtengo koyamba, ndipo m'lifupi kamangopitirira mita imodzi pang'ono.

Chimene mlendo saona ndi mafuta. Kanjira kaja kamathiridwa mafuta opyapyala, osaoneka ndi maso, pafupifupi mamita 12 oyambirira, ndipo kotsalako kamasiyidwa kouma. Kale mafutawa ankathira pofuna kuteteza matabwa kuti asaperepeseke, koma masiku ano ndiwo mutu wa masewera onse. Pamafuta mpira umangotsetsereka. Ukafika pouma umaluma thabwa, n'kukhota, n'kukalowa pakati pa kamtengo koyamba ndi kachitatu ngati woponyayo ndi wa dzanja lamanja. Ukalowera pamenepo mopendekera bwino, timitengo tonse 10 timagwa kamodzi. Masiku wamba ndinkathira mafuta ambiri pakati, ochepa m'mbali, kuti ngakhale wophonya pang'ono mpira wake ubwerere panjira, makasitomala azipita kwawo akusekerera. Pa tsiku la mpikisano ankandiuza kuti ndisinthe kathiridwe, mafuta afanane pakati ndi m'mbali, ndipo anthu omwe aja ankatuluka thukuta.

Panali nkhalamba ina imene inkabwera Lachiwiri lililonse ikukoka chikwama chamatayala chokhala ndi mipira inayi. Ine ndinkati ndi matama chabe. Munthu mmodzi, dzanja limodzi, mipira inayi ya chiyani? Tsiku lina ndinalimba mtima n'kufunsa kuti, "Bwana, mwa inayi imeneyi wabwino kwambiri ndi uti?" Iwo anaseka n'kundiyankha kuti, "Iwe ndiye uyenera kundiuza. Wathira zotani lero?" Ndinawafotokozera kuti tsikulo mafuta anali ambiri, ofika patali. Anatsegula chikwama n'kutulutsa mpira wosaoneka bwino kuposa yonse, wotuwa, wokhakhala ngati mwala wotsukira mapazi. Wonyezimira uja anausiya m'chikwama.

M'kupita kwa nthawi ndinamvetsa. Mpira wa khungu la pulasitiki, ngati imene nyumba za bowling zimabwereketsa, suluma thabwa, umangoyenda chowongoka. Akatswiri amausunga kuti azigwetsera kamtengo kotsala pakona. Wa khungu la urethane umakhota pang'onopang'ono mosadzidzimutsa, ndipo umathandiza pamene mafuta ndi ochepa kapena afupi. Wa reactive resin, umene unafala m'zaka za m'ma 1990, khungu lake lili ndi timabowo tosaoneka timene timamwa mafuta, ndiye ukafika pouma umakhota mwamphamvu. N'chifukwa chake mumaona akatswiri akupukuta mpira ndi kansalu asanaponye. Kuwonjezera apo amapala khungu ndi tinthu tonga sandipepa, tolembedwa manambala monga 500, 1000, 2000 ndi 4000. Nambala ikachepa, kukhakhala kumakula. Mafuta akachuluka amatenga wokhakhala kuti uyambe kuluma msanga. Kanjira kakauma amatenga wosalala kuti usathe mphamvu usanafike. Ndipo mafuta sakhala malo amodzi. Mpira uliwonse ukadutsa umamwako ena, ena umawakokera kumunsi, moti mpira umene unagwira ntchito 6 koloko madzulo umatha kukhala wachabechabe pofika 9 koloko. Nkhalamba ija inkasintha mpira pakati pa masewera, kanjira kali komweko.

Onani tsono. Kumeneko ndi m'nyumba, mulibe mvula, mulibe minga, mulibe ng'ombe yodutsa. Kusiyana kwa lero ndi dzulo ndi timadontho ta mafuta, koma munthu amanyamula mipira inayi. Ife kuno mabwalo athu amasiyana monga usana ndi usiku, komabe timaganiza kuti mpira ndi mpira basi.

Nditabwerera mu 2017 n'kuyamba kuyenda ndi timu, ndinayamba kuwerenga mabwalo monga ndinkawerengera mafuta. Balaka ndi dera louma ndi lotentha, la malambe ndi thonje. Mu Okutobala mabwalo a ku Ulongwe, Phalula ndi Utale amauma ngati simenti, kapinga atatheratu, pamwamba pali fumbi, timiyala ndi ncheso zimene zimagona chagada kudikira phazi kapena mpira. Kumene kuli dothi la makande nthaka imang'aluka ming'alu yoti chala chilowe. Bwalo lomwelo mu Januwale limasanduka phala, matope ake omata, mpira umalemera mpaka mwana kuukankha ngati dzungu. Ukawoloka Shire pa Liwonde, mabwalo ena oyandikira mtsinje amasunga kapinga nthawi yaitali. Kufupi ndi mapiri a ku Machinga boma ndi ku Ntaja ndi miyala yothwa imene imasenda khungu la mpira. Ukatsikira ku Nayuchi ndi ku Ngokwe, m'mbali mwa nyanja za Chilwa ndi Chiuta, umakumana ndi mchenga umene umameza mpira, ndipo umaupala pang'onopang'ono ngati sandipepa uja wa nkhalamba. Maboma awiriwa anali boma limodzi mpaka 1998 pamene Balaka inapatulidwa, koma mabwalo ake ndi mitundu inayi kapena isanu, ndipo uliwonse umasintha kawiri pachaka.

Malamulo a mpira wamiyendo satithandiza kwenikweni pa nkhani imeneyi. Lamulo lachiwiri limangoti mpira ukhale wobulungira, wa masentimita 68 mpaka 70 kuzungulira, wolemera magalamu 410 mpaka 450 poyamba masewera, wopangidwa ndi zinthu zoyenera. Zoyenera kuti? Silinena. Bungwe la FIFA lili ndi zidindo zake zitatu, FIFA Basic, FIFA Quality ndi FIFA Quality Pro, ndipo mpira usanalandire chidindo amauyesa kubulungira kwake, kudumpha kwake, madzi amene umamwa ndi mpweya umene umataya. Ina amaiwombetsa pachitsulo maulendo 2,000 kuti aone ngati misoko ilimbe. Mayeso onsewo ndi abwino, koma mulibemo ncheso. Amayesera bwalo la kapinga wothiriridwa ngati la Bingu National Stadium, kapena la kapeti ngati la Kamuzu Stadium. Ndipo tinene zoona, mipira yambiri ya m'misika mwathu imene yalembedwa mayina akuluakulu sinaonepo mayeso alionse. Amangodinda. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngakhale mpira weniweni wodula ukhoza kukhala wolakwika pamalo pake. Amene munaonera World Cup ya 2010 ku South Africa mukukumbukira Jabulani, mpira wa zigamba 8 zomatidwa ndi moto. Magoloboyi akuluakulu a dziko lapansi anadandaula kuti unkayenda mokhotakhota m'malere, osadziwika kumene ukagwere. Ngati akatswiri amenewo anavutika ndi mpira umene akatswiri anzawo anaupanga kwa zaka, nanga mwana wa Sitandade 6 wa ku Nsanama?

Munthu amene anandiphunzitsa za mipira yamiyendo ndi mmisiri wina wosoka nsapato pamsika wa Balaka. Nditamutengera mpira woyamba uja wa bonanza, anautembenuza kawiri n'kundibwezera. "Akochi, uwu ndiye ayi. Ulusi wake uli pamwamba ngati wa malaya, khungu lake ndi pepala. Ndikasoka apa, mawa ung'ambika apo, mudzati ndakudyerani ndalama." Uwo unali wosokedwa ndi makina, mtundu umene umadzaza m'masitolo chifukwa chotsika mtengo. Misoko yake ndi yosazama, ndiye pabwalo lamiyala ulusi ndiwo umayamba kudyeka. Womatidwa ndi moto, ngati umene amasewerera matimu akuluakulu, sumwa madzi ndipo pakapinga wonyowa ndi mfumu, koma munga ukafika pachubu nkhani yatha, chifukwa palibe msoko woti mmisiri amasule. Wosokedwa pamanja ndiye bwenzi lathu. Ulusi wake ndi wonenepa, wopakidwa phula, wobisika m'kati mwa msoko mosakhudza nthaka. Ukabooka mmisiri amamasula zigamba ziwiri kapena zitatu, amatulutsa chubu, amamata ndi chigamba cha njinga, n'kusokanso. Mzinda wa Sialkot ku Pakistan unatchuka dziko lonse ndi ntchito yosoka mipira pamanja imeneyi. Mpira wotero ukhoza kuuka kwa akufa kanayi kapena kasanu.

Za chubu nazonso ndi zofunika. Ya latex ndi yofewa kuphazi, koma imataya mpweya msanga, imafuna kupopa masiku angapo alionse. Ya butyl imasunga mpweya nthawi yaitali. Kwa timu imene pampu yake ili kwa wokonza njinga za kabaza, mtunda wa ola lathunthu wapansi, yankho likudziwikiratu.

Ena anaganizapo kale za mabwalo ngati athuwa. Bungwe la Alive and Kicking linayamba ku Nairobi mu 2004, ndipo pambuyo pake linatsegula malo ena ku Lusaka ndi ku Accra, kumasoka pamanja mipira yachikopa yopangidwira nthaka yolimba ya kuno kwathu, yotheka kukonza. Lusaka si kutali. Chikopa chili ndi vuto lake, chimamwa madzi n'kulemera nthawi ya dzinja, koma m'chilimwe cha ku Balaka chimapirira miyala kuposa pulasitiki wonyezimira. Ndikaganiza za zimenezi mtima umandipweteka, chifukwa ku Liwonde komweku kunali fakitale yofufuta zikopa, ndipo mbuzi ndi ng'ombe zikuphedwa tsiku lililonse m'misika yathu. Amisiri osoka tili nawo, zikopa tili nazo, ana ofuna mipira ndiye osawerengeka. Ku America nako munthu wina dzina lake Tim Jahnigen, ataona zithunzi za ana othawa nkhondo ku Darfur akusewera ndi mpira wa zinyalala, anapanga One World Futbol, mpira wosafuna pampu, umene suphwa ngakhale utabayidwa. Woimba wa ku England, Sting, ndiye anathandiza ndi ndalama zoyambira. Kadumphidwe kake ndi kosiyana ndi mpira wa mpikisano, ndipo sindingaugwiritse ntchito pokonzekera chikho. Koma pa sukulu ya pulaimale yozunguliridwa ndi minga, umodzi wotero uposa isanu ya bonanza.

Pali kulakwitsa kwina kumene kumandipweteka kuposa kung'ambika, ndiko kukula kwa mpira. Pafupifupi mpira uliwonse umene ndaona ukuperekedwa kuno ndi saizi 5, wa akuluakulu. Mwana wa zaka 7 amayenera saizi 3, wa zaka 10 kapena 12 saizi 4. Panyumba ya bowling palibe amene akanapatsa mwana wa zaka 8 chimpira cha makilogalamu 7. Tinali ndi topepuka ta ana, ndipo kholo likaumirira ndinkalikaniza. Kuno timapatsa ana opanda nsapato mpira wa abambo awo, wopopedwa gwa, kenako timadabwa kuti akumenya ndi chala chachikulu m'malo mwa m'kati mwa phazi, kapena akuzinda mpira wa m'mwamba. Ku America bungwe lawo la mpira linaletsa mu 2015 ana a zaka 10 kutsika m'munsi kumenya mpira ndi mutu. Ife tikuwauza kuti adumphire mpira wa akuluakulu umene wamwa matope a makande.

Atsikana ndiye amaiwalidwa kawiri. Kangapo ndaona masukulu akusewera ntchemberembaye ndi mpira wamiyendo wotha, woterera, chifukwa wopereka anangoti mpira ndi mpira. Kukula ndi kulemera kwake n'kofanana ndithu, koma wa manja uli ndi timatuza pakhungu toti zala zigwire. Pabwalo la dothi kapena la simenti yokhakhala timatuza ta mpira wa mpikisano timatha msanga, ndiye wamphira wokhuthala ndi umene umakhalitsa. Dziko limene linabala Mwawi Kumwenda, limene timu yake ya Malawi Queens imadziwika kunja konse, siliyenera kumaphunzitsa ana ake kugwira mpira ndi chinthu choterera ngati sopo.

Tisangoloza zala opereka, ife olandira tili ndi milandu yathu. Mipira yambiri timaipha tokha ndi pampu. Timapita nayo kwa wokonza njinga, iye amapopa monga amapopera tayala la kabaza lonyamula matumba awiri a chimanga, mpaka mpira kulira ngati ng'oma ukaugogoda. Kenako timausiya padzuwa la Okutobala, mpweya m'kati umafutukuka, misoko imakokeka. Malamulo amalola mpweya kuyambira 0.6 mpaka 1.1 atmosphere, mpata waukulu ndithu, ndipo pabwalo louma gwa mpira umafunika kukhala chakumunsi kwa mpata umenewu kuti usamadumphe mopitirira mutu, komanso kuti usapweteke mapazi opanda nsapato. Singano ya pampu timailowetsa youma, n'kung'amba kamlomo ka chubu, pamene kadontho ka madzi a sopo kakanateteza. Anyamata amakhalira mpira ngati mpando pomvera kochi. Ine ndinawaletsa, wopezeka atakhalira amathamanga kuzungulira bwalo katatu.

Ndikudziwa zimene ena anene. Adzati wopatsidwa sasankha, landira uthokoze. Ndinathokozadi, ndipo ndidzathokozanso. Koma ndalama zimene mkulu uja anagulira mipira itatu yonyezimira zikanatha kugula umodzi kapena iwiri yosokedwa pamanja, pamodzi ndi pampu ndi singano, ndipo dzina lake likanatchulidwa pabwalo lathu mpaka lero. M'malo mwake anyamata anga anautcha mpira wachitatu uja "lonjezo", chifukwa cha mmene unaphwera msanga. Chiyambire pamene kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mpira wasanduka katundu wodula, woti timu ya kumudzi singagule mwezi ndi mwezi. Kugula wolakwika masiku ano ndi kutaya kwenikweni. Safunsa anadya phula.

Ena adzati vuto si mpira, vuto ndi mabwalo. Konzani mabwalo, mpira uliwonse ukhala. Pamenepa ndikuvomera theka. Ncheso zimazulika. Chaka chino tisanayambe masewera tinatenga makasu ndi matsache Loweruka awiri, tinazula zisanabereke, tinatola miyala ndi magalasi a mabotolo amene anatsala pambuyo pa misonkhano ya ndale, popeza bwalo la mpira kumudzi ndilo bwalo la chilichonse. Tinapempha a mfumu kuti ngolo zisiye kudutsa pakati, ndipo anatimvera. Kubooka kunachepa. Koma kapinga wothiriridwa sabwera mawa ku Phalula kumene amayi amapanga mzere pamjigo kuyambira m'bandakucha. Ngakhale makhansala ndi aphungu atapatula gawo la ndalama za chitukuko cha m'madera kuti asalaze mabwalo, chimene ndikuwapempha, dothi la makande lidzakhalabe makande, mchenga wa ku Nayuchi udzakhalabe mchenga. Mwana amene ali ndi zaka 11 lero sangadikire.

Za chikulunga ndinene mosamala, chifukwa alendo amakonda kuchijambula n'kumachitamanda. Zoona, ana athu ndi akatswiri osankha mpira molingana ndi bwalo kuposa akuluakulu. Chikulunga cha majumbo ndi zingwe sichiopa munga, sichifuna pampu, chikamasuka amachimanganso pomwepo. M'dzinja amachikuta ndi jumbo lokhuthala kuti chisamwe madzi, pamchenga amachimanga chachikulu, chopepuka. Ndi nzeru yomwe ija ya nkhalamba ya ku Joni. Koma chikulunga sichidumpha ndipo sichiuluka. Mwana amene wakulira pa chikulunga chokha amadziwa kuchenjeretsa mnzake pafupi, koma tsiku limene timu yafika pa Balaka Stadium, mpira weniweni ukamugwera kuchokera m'mwamba umamudumpha pachifuwa ngati wamenya khoma. Ndaziona ndi maso anga, anyamata aluso akuoneka ngati sanaonepo mpira, ndipo oyang'ana osewera atsopano n'kuwadutsa. Chikulunga n'choyambira chabe. Mpira weniweni ukufunika, koma wokhalitsa mokwanira kuti mwana auzolowere.

Tsono pempho langa likupita kwa inu aphungu ndi makhansala, a mabungwe, a mipingo ndi mizikiti, ndi inu abale athu a ku Joni amene mumatumiza katundu kumudzi pa Khirisimasi ndi pa Idi. Musanalowe m'sitolo, imbirani foni mphunzitsi wa zamasewera kapena kochi wa timu imene mukufuna kuithandiza. Mufunseni kuti bwalo lake ndi lotani, osewera ali ndi zaka zingati, ndi anyamata kapena atsikana, pampu ali nayo kapena ayi, ndipo adzasewera m'chilimwe kapena m'dzinja. Mukafika m'sitolo dinani pamsoko muone ngati ulusi wabisika. Ngati simukudziwa, tengani wosoka nsapato wa pamsika mupite naye, adzakusankhirani bwino kuposa wogulitsa. A bungwe la mpira wamiyendo la FAM ndi maofesi a zamasewera a m'maboma athu awiriwa angathandize polemba kapepala kamodzi ka m'Chichewa ndi m'Chiyao, kofotokoza saizi yoyenera msinkhu uliwonse, mpira woyenera nthaka iliyonse ndi kapopedwe kake, n'kukapereka m'masukulu kudzera kwa alangizi a zamaphunziro. Ndalama zake sizingafike pa mtengo wa chikho chimodzi cha bonanza.

Ife titaona kuti lonjezo laphwa, anyamata anagwira ganyu yosadza mizere m'minda ya anthu, ine n'kuwonjezerapo pang'ono, tinagula mipira iwiri. Umodzi ndi wosokedwa pamanja, wa khungu lokhuthala, wosaoneka bwino ngakhale pang'ono, wa nthaka youma. Winawo ndi wosamwa madzi, timautulutsa mvula ikagwa basi. Wouma uja mmisiri wa ku Balaka wautsegula katatu, ndipo Loweruka likubwerali tisewera nawo. Amene mukufuna kutithandiza chaka chino, chimene tikusowa ndi mipira iwiri ya saizi 4 ya ana aang'ono, umodzi wamphira wa atsikana a ntchemberembaye, ndi pampu yokhala ndi singano zake.